Ulendo wa ku Usisya ndi Ruarwe ndi otsogolera alendo a mu Mzuzu

Mu Mzuzu muno mwayamba kupezeka magulu ang'onoang'ono a achinyamata amene amatenga anthu kupita nawo kumapiri ndi kunyanja pamtengo umene munthu wolandira malipiro a pamwezi angathe kuufikira ngati atasungira pang'ono. Limodzi mwa magulu amenewa, limene limapeza anthu ake kudzera pa WhatsApp ndi Facebook, limakonza ulendo wopita ku Usisya ndi Ruarwe, midzi ya m'mbali mwa nyanja kumpoto kwa boma la Nkhata Bay, ndipo m'nyengo yozizira ndinapita nawo pamodzi ndi anthu ena amene ambiri mwa iwo anali aphunzitsi, anamwino ndi ophunzira a pa yunivesite ya Mzuzu (Mzuni). Uthenga wawo woitanira anthu unalonjeza zinthu ziwiri, kuyenda ndi kusangalala m'chilengedwe, komanso kumva mbiri ya malowo. Choyambacho anachikwaniritsa mopitirira muyeso, koma chachiwiricho anachigwira theka, ndipo popeza mbiriyo ndi imene inandikoka kuti ndilipire, ndikhalitsapo pang'ono.

Pa nkhani ya makonzedwe palibe zambiri zoti ndidandaule. Analandira theka la ndalama pafoni, theka linalo tinapereka tsiku lonyamuka, ndipo mtengowo unaphatikiza galimoto, boti, matenti, chakudya ndi malipiro a anthu a m'mudzi otilondolera njira. Anatiuziratu zoyenera kutenga, monga nsapato zolimba, tochi, mankhwala othamangitsa udzudzu ndi ndalama zogwirika m'manja, poti kumene tinkapita netiweki imabwera ndi kupita. Chimene ndinayamikira kwambiri nchakuti sanatinamize za msewu.

Msewu wochoka mu Mzuzu kudzera ku Bula kukafika ku Usisya ndi wadothi, ndipo ngakhale mtunda wake si wautali kwenikweni, umadya maola ambiri chifukwa cha zitunda, makona ndi malo okumbika ndi madzi a mvula. Chigawo choyamba munthu amayenda pakati pa minda ndi nkhalango za m'mapiri, kukuzizira monga momwe mu Mzuzu mumazizirira m'mwezi wa Julayi, kenako msewu umayamba kutsetsereka ndipo majuzi amavulidwa limodzilimodzi pamene kutentha kwa kunyanja kukukwera kudzakumana nanu. Dalaivala wa Land Cruiser imene anabwereka anali bambo wachikulire wodziwa njirayo, amene ankatsika ndi giya yaing'ono osadalira mabuleki, ndipo pamalo ena otsetsereka kwambiri anaimika galimoto n'kutipempha kuti titsike tiyende pansi kamtunda pang'ono. Ena anang'ung'udza, koma ine ndinaona kuti gulu limene limasankha dalaivala wotere likudziwa chimene likuchita. Pamalo pomwepo mpamene nyanja inaonekera koyamba, yobiriwira moderako kusiyana ndi ya ku Salima kapena ku Mangochi, chifukwa mbali ya kumpoto ino ndi imene ili yakuya kwambiri, mpaka kufika pafupifupi mamita 700, ndipo mapiri amene mwaimapowo amapitirira kutsika pansi pa madzi mofanana ndi mmene atsikira pamtunda.

Usisya ndi kachigwa kathyathyathya kamene kanalowa m'nyanja, kumbuyo kwake kuli mapiri aatali, ndipo m'mphepete mwake muli phiri la Mphande limene limaonekera patali. Tisanakhome tenti ndi imodzi yomwe, mtsogoleri wa ulendowo anapita kaye kukaonekera kwa anyakwawa ndi kukadziwitsa akuluakulu a padoko, ndipo atabwerako anatiuza malo osambira amayi, malo osambira abambo, ndi kuti pochoka pamchenga kulowa m'mudzi munthu avale modzilemekeza. Zimenezi zingaoneke zazing'ono, koma ndi zimene zimachititsa kuti eni mudzi akulandireni ngati alendo awo, osati ngati anthu ongodutsa ndi makamera.

Kukwera phiri la Mphande m'mamawa kunali kosavuta kwa aliyense wa thupi labwino, ndipo pamwamba pake munthu amaona doko lonse, mathandala oyanikapo usipa, minda ya chinangwa, ndi mapiri a ku Tanzania kutsidya kukakhala kopanda nkhungu. Masana anatipatsa magalasi oonera pansi pa madzi n'kutitengera pamiyala pamene pamakhala mbuna, tinsomba tamitundumitundu, tabuluu, tachikasu ndi tamizeremizere, timene ambiri a ife tinkangotionera pa zithunzi ngakhale tinabadwira m'dziko lomweli. Magalasiwo anali ochepa kotero kuti tinkasinthana, koma mnyamata amene ankatiyang'anira sanachoke m'madzi mpaka womaliza atatuluka, ndipo amene sankadziwa kusambira anawagwira dzanja pamalo osaya mpaka nawonso ataviika nkhope n'kuona. Anatichenjezanso poyera za likodzo, kuti tipewe malo a bango ndi madzi odikha, komanso kuti tikabwerera tikaonane ndi achipatala.

Chimene sindidzaiwala msanga ndi usiku umene anatikonzera kuti tikaone asodzi a chilimira, khoka lalikulu logwirira usipa, ali pantchito. Kunalibe mwezi, ndipo imeneyo ndiyo nthawi yabwino ya usipa chifukwa nsombazi zimatsata kuwala. Siginala, msodzi amene amakopa nsomba ndi nyali, amakhala yekha m'bwato laling'ono limene kumbuyo kwake amangirirako nyali, masiku ano mababu oyendera batire m'malo mwa nyali za parafini zakale, ndipo amakhala phee kwa nthawi yaitali akuyang'ana m'madzi mpaka ataona kuti usipa wasonkhana mokwanira. Akatero amaitana, ndipo anzake a m'mabwato ena amaponya khoka mozungulira, iye n'kumapalasa pang'onopang'ono kulowetsa nsombazo pakati, kenako onse amakoka ndi mphamvu akuyankhizana mawu. Boti lathu linaima chapatali injini itazimitsidwa, monga asodziwo anapemphera, ndipo pamene khoka linatuluka m'madzi usipa unkanyezimira ndi kuthetheka m'kuwala kwa mababu aja. M'mawa mwake tinapeza amayi akuufutsa ndi kuuyala pamathandala, usipa womwewo umene timaugula pa msika waukulu wa mu Mzuzu osaganizako za tulo timene anthu anataya kuti ufike m'mbale yathu. Pa gawo limeneli lokha, ulendowu unali woyenera ndalama zake.

Tsopano za mbiri. Madzulo a tsiku lofika, mmodzi wa otsogolera anatikhazika pamchenga n'kuyamba kufotokoza za David Livingstone amene anafika panyanjayi mu 1859, za mishoni ya Livingstonia imene inayambira ku Cape Maclear mu 1875, n'kusamukira ku Bandawe mu 1881, kenako ku Khondowe mu 1894 motsogozedwa ndi Robert Laws. Zaka zonse anazitchula molondola, koma ankalankhula ngati mwana wa sukulu amene waloweza zokayankha pa mayeso, ndipo chachikulu nchakuti pa zonsezo panalibe ngakhale chimodzi chimene chinachitikira pamalo pamene tinakhalapo. Imeneyi ndi mbiri imene inakonzedwera alendo ochokera kunja, amene amafuna kumva za anthu a kwawo, ndipo achinyamatawa anaitola mmene inalili n'kutipatsa ife Amalawi osaisintha.

Chinandipweteka mtima nchakuti dzina la Kanyama Chiume silinatchulidwe mpaka mphunzitsi wina wa m'gulu lathu atafunsa. Chiume anabadwira ku Usisya mu 1929, anapita ku Tanganyika ali mwana n'kuphunzira kumeneko, kenako ku Makerere m'dziko la Uganda. Mu 1956 anasankhidwa kulowa m'nyumba ya malamulo ya nthawi ya atsamunda pamodzi ndi Henry Masauko Chipembere, ndipo awiriwa anali patsogolo pa achinyamata amene anaitanitsa Dr. Hastings Kamuzu Banda kuti abwerere kumudzi mu 1958. Anakhala nduna ya zamaphunziro, kenako nduna yoona za ubale ndi mayiko ena, mpaka mkangano wa nduna wa mu 1964 umene unamuthamangitsira ku Tanzania, kumene anakhalako zaka pafupifupi 30 asanabwerere mu 1994. Anamwalirira ku New York mu 2007. Kaya munthu amagwirizana ndi ndale zake kapena ayi, sizingatheke kubweretsa Amalawi ku Usisya m'dzina la mbiri n'kusiya kunena kuti kamudzi kovuta kufikako kameneka kanatulutsa mmodzi wa anthu amene anaumba dziko lino. Ndipo nkhani ya Chiume ikanatsegula funso limene likanatipindulira tonse, lakuti chifukwa chiyani mwana wa kuno anakaphunzira ku Tanganyika osati ku Zomba kapena ku Blantyre. Yankho lake lili pamaso pa aliyense woima pagombepo, chifukwa kumbuyo kuli mapiri otchinga, kutsogolo kuli madzi otseguka, ndipo kwa anthu a kuno njira yaikulu kuyambira kale inali nyanja.

Mbiri yeniyeni ya malowa tinaimva mwangozi, kuchokera kwa gogo wina amene anabwera kudzakonza ukonde wake pafupi ndi matenti athu. Mnyamata wa m'mudzi amene ankatilondolera njira anawapatsa moni n'kuwauza kuti, “Adada, alendowa akufuna kumva za kale,” ndipo gogoyo, osasiya kusoka ukondewo, anayamba kufotokoza m'chilankhulo cha kwawo, mnyamatayo akumasulira m'Chichewa kwa amene sankamva. Anakamba za amuna a m'banja lawo amene anapita kukagwira ntchito ku migodi ya ku Johannesburg ndi ku Southern Rhodesia, ena kudzera ku Wenela, bungwe limene linkalemba anthu ntchito za ku migodi ya ku South Africa, ena paokha, za amene anabwerako ndi masuti, njinga ndi makina osokera, ndi za machona amene sanabwererenso ndipo akazi awo anakalamba akudikira. Anatchula ngozi ya ndege ya Wenela ya ku Francistown m'dziko la Botswana mu 1974, imene inapha Amalawi 74 ochokera ku migodi n'kuchititsa boma kuimitsa ntchito yolemba anthu a Wenela, ndipo anafotokoza mmene kutsekeka kwa njira imeneyo kunabwezera amuna ambiri ku usodzi. Kenako anatuma mdzukulu wawo kukatenga lipenga la chipanda limene ankavinira malipenga ali mnyamata. Linali lakuda ndi utsi, kukamwa kwake kosalala chifukwa chogwiritsidwa ntchito zaka zambiri, ndipo anationetsa pamene amamatapo kanembanemba ka kangaude kamene kamachititsa kuti mawu anjenjemere. Anafotokoza kuti gulu la malipenga limatchedwa boma, lili ndi mfumu yake, akuluakulu a asilikali ndi dokotala, ndipo guleyu anachokera ku perete wa asilikali amene anthu anaonera pa nthawi ya nkhondo yoyamba ya dziko lonse.

Pamenepa mpamene wotsogolera wokonzeka bwino akanalumikiza nkhani ya gogoyo ndi zolembedwa, chifukwa kutsidya kwa nyanja, moyang'anana ndi gombe lomweli, kuli Liuli, malo amene Ajeremani ankawatcha Sphinxhafen. Kumeneko mu Ogasiti 1914 sitima ya Angerezi yotchedwa Guendolen inaombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann imene inali pamtunda ikukonzedwa, ndipo imeneyi imawerengedwa pakati pa nkhondo zoyambirira za pamadzi za nkhondo yonseyo. Otsogolera athu anamvetsera gogoyo mwaulemu, koma zinaonekeratu kuti nawonso ankamva zambiri mwa izi koyamba, ndipo kucheza kumeneku sikunali pa ndondomeko yawo, kotero kuti gulu lina lingathe kupita n'kubwerera osakumana nako. Pomaliza tinasonkha tokha kangachepe n'kuwapatsa gogoyo. Maganizo anga ndi akuti gulu limene limagulitsa mbiri ya mudzi liyenera kupangana ndi akuluakulu a mudziwo, kuwaika pa ndondomeko ya ulendo, ndi kuwalipira monga limalipirira mwini boti, chifukwa chimene iwo akupereka ndicho chimene sichipezeka kwina kulikonse.

Kuchoka ku Usisya kupita ku Ruarwe tinayenda pansi, potsata kanjira ka m'mbali mwa nyanja kamene anthu a m'midzi imeneyi amayendamo tsiku ndi tsiku. Ndi ulendo wa maola angapo, wokwera ndi kutsika, malo ena kanjira kali pamwamba pa thanthwe madzi ali pansi penipeni, malo ena kakudutsa pakati pa nyumba za anthu ndi m'minda ya chinangwa. Ku Ruarwe sikufika galimoto, kotero kuti chilichonse, kaya simenti, malata kapena wodwala, chimayenda pamadzi kapena pamutu. Katundu wathu wolemera anapita pa boti, ife tinangonyamula madzi, ndipo otsogolera anagawana bwino, wina patsogolo, wina pambuyo ndi oyenda pang'onopang'ono. Mayi wina atachita matuza kuphazi, anatulutsa bokosi la mankhwala limene linali ndi zofunika zonse. Tinakumana ndi ana a sukulu ndi amayi osenza mitolo ya nkhuni amene ankatipitirira mosavutika, ndipo nkhwazi zinkalira m'mitengo ya m'mphepete mwa madzi pafupifupi njira yonse. Titafika, kusamba pa mathithi a mtsinje wa Zulunkhuni, amene madzi ake ndi ozizira kuposa a m'nyanja, kunachotsa kutopa konse. Amene ali ndi vuto la maondo kapena la mtima asadzikakamize, apemphe kukwera boti limodzi ndi katundu, ndipo gululi limalola zimenezo popanda kuonjezera mtengo.

Cholakwika chachikulu pa ulendo wonsewu chinali pa boti lobwerera ku Nkhata Bay. Majekete oyandamitsa munthu pamadzi anali ochepa kuyerekeza ndi chiwerengero chathu, ndipo ena mwa amene analipo anali oduka zingwe. Titafunsa, mtsogoleri anayankha kuti mwini boti ndiye analonjeza kubweretsa okwanira, koma yankho limenelo silikwanira, chifukwa amene analandira ndalama zathu ndi iwo, ndipo kuwerenga majekete boti lisananyamuke ndi ntchito ya mphindi zochepa. Nyanja ya kumpoto kuno si yoseweretsa, makamaka m'miyezi ya mwera, mphepo yochokera kummwera imene imawomba mwamphamvu kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti. Pa 30 Julayi 1946 sitima ya Vipya, imene inali isanathe ngakhale chaka ikunyamula anthu, inagubuduzika ndi mphepo yotere pafupi ndi Florence Bay, kumene lero timati Chitimba, ndipo anthu 145 anamira. Sitima ya Ilala imene tikuidziwayi, yomangidwa ku Scotland mu 1949 n'kuyamba ntchito mu 1951, inabwera pambuyo pa ngoziyo, ndipo ikafika ku Usisya ndi ku Ruarwe imaima patali, anthu ndi katundu n'kumatengedwa ndi maboti ake aang'ono poti kulibe pokocheza. Ngati mphepo imeneyi inagonjetsa sitima yachitsulo, boti lamatabwa la injini imodzi liyenera kuiopa koposa.

Amene anatipulumutsa ku nkhawa anali woyendetsa botilo, bambo wa ku Ruarwe komweko. M'mawa umene tinayenera kunyamuka anayang'ana nyanja n'kunena kuti sanyamuka kufikira mphepo itagwa, ndipo ngakhale ena a ife anali ndi ntchito tsiku lotsatira ndipo anamuumiriza, iye anangoti, “Amama, kuona maso a nkhono n'kudekha, nyanja iyi ndimaidziwa.” Otsogolera athu anaima naye, sanatengeke ndi madandaulo athu, ndipo pa nthawi yodikirayo anakabwereka majekete ena m'mudzimo mpaka aliyense anapeza lake. Pa ichi ndikuwapatsa ulemu, ngakhale kuti vutolo silinayenera kufika pamenepo. Tinanyamuka nyanja itadekha, ndipo ulendo wa m'mbali mwa mapiri amenewo, kudutsa timidzi tokanirira pa zitunda ndi timadoko ta mabwato awiri kapena atatu, unali wokongola kwambiri.

Ku Nkhata Bay anatitsitsa n'kutithamangitsira ku minibasi ya ku Mzuzu, pamene pafupi pomwepo pali malo amene pa 3 Malichi 1959 asilikali anaombera anthu amene anasonkhana padoko kukana kuti atsogoleri awo, amene anatsekeredwa mu sitima ya Mpasa, atengedwe. Dziko limakumbukira anthu 31 amene anafera pamenepo, ndipo chipilala chawo chilipo. Kuima pamenepo kwa mphindi makumi awiri sikukanawonongetsa ndalama iliyonse, ndipo kukanamanga pamodzi nkhani ya Chiume, ya machona ndi ya nyanja imene tinali titangoyendapo. Kuchedwa kwa boti kunathandizira kuti tifulumire, koma nditafunsa ndinamva kuti malowa sakhala pa ndondomeko yawo ngakhale nthawi ikakhalapo.

Chakudya chinali cha kunyanja ndipo chinali chokwanira: kondowole wa chinangwa choviika bwino, wopanda kuwawa, usipa wauwisi wokazinga, utaka, tsiku lina kampango, ndi chigwada chotendera. Kwa osazolowera kondowole ankaphikanso nsima ya ufa woyera ndi mpunga. Ophika anali amayi a m'midzi momwemo ndipo nsomba zinkagulidwa padoko, chinthu chimene chimasiya ndalama m'manja mwa eni malo. Madzi akumwa ankawiritsa, matenti anali osadontha ngakhale matiresi ake ndi opyapyala, ndipo zinyalala zathu zonse zinabwerera nafe m'matumba.

Amene akufuna kupita ndi gulu lotere afunse zinthu ziwiri asanatumize ndalama: ngati aliyense adzakhala ndi jekete lake pa boti, ndiponso ngati pa ndondomeko pali nthawi yocheza ndi akuluakulu a m'mudzi. Asiyenso tsiku limodzi lapadera pa tchuthi chawo, poti nyanja ikakana palibe amene angaikakamize. Miyezi ya Seputembala ndi Okutobala mwera umakhala utachepa ndipo madzi amakhala oyera bwino poonera mbuna, koma dzuwa la pa kanjira ka ku Ruarwe limakhala loopsa, kotero kuti ulendo wapansiwo umafunika kuyamba kusanache. M'nyengo ya mvula, imene mbali ya Nkhata Bay imatha mochedwa kuposa madera ambiri, msewu wa ku Bula umaterera kwambiri, ndipo achinyamatawa anandiuza kuti nthawi imeneyo amadzera ku Nkhata Bay n'kupita pamadzi ulendo wonse.